Wailesi ya m'galimoto si repeater: phunziro kwa okonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi

Lilongwe – Chaka chilichonse dzinja likamayandikira, makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'maboma amakhala pansi kuwerengera matenti, chimanga, mankhwala ndi mabwato. Koma pali funso lina lomwe siliyenera kusiyidwa kumapeto kwa zokambirana: kodi nsanja za lamya za m'manja zikaleka kugwira ntchito, uthenga udzachoka bwanji kumudzi komwe madzi asefukira kukafika ku ofesi ya bwanamkubwa?

Yankho lodziwika bwino ndi mawailesi olankhulirana, omwe ambiri amawatcha ovaova, pamodzi ndi makina obwereza mauthenga otchedwa repeater, omwe amaikidwa pamalo okwera. Popeza repeater yeniyeni ndi yokwera mtengo, pali njira yachidule yomwe anthu okonda luso la wailesi, odziwika padziko lonse ndi dzina lakuti amateur kapena ham, akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Iwo amatenga wailesi yomwe idapangidwa kuti izikhala m'galimoto, n'kuisandutsa repeater. Njirayi imathandiza ndithu, koma ili ndi vuto lalikulu lomwe adindo ogula zipangizo za boma ayenera kulidziwa asanasaine chikalata chilichonse. Wailesi yotere imatentha, ndipo imakonda kufa pa ola lomwe ikufunika kwambiri.

Zomwe anamondwe adaonetsa

Nkhaniyi si yongoganizira. M'mwezi wa March 2019, namondwe wa Idai atawomba mzinda wa Beira ku Mozambique, mzindawo udakhala masiku angapo osalumikizana bwino ndi madera ena, moti opereka chithandizo adavutika kudziwa kukula kwa ngoziyo. Mu January 2022, namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lino lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi ma megawatt 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Mu March 2023, namondwe wa Freddy adapha anthu oposa 600 m'chigawo cha kummwera, ndi kusowetsa pokhala anthu oposa 600,000. Misewu ndi milatho zidakokoloka, magetsi adazima m'madera ambiri, ndipo malo ena m'maboma a Mulanje, Phalombe ndi Nsanje ankafikika pa bwato kapena pa helikopita basi.

Nsanja ya lamya imadalira magetsi, mabatire ndi mafuta a jenereta. Magetsi akazima ndipo msewu wopitira kunsanjako ukaduka, mafuta amatha ndipo netiweki imazima nawo. Izi zidaonekera poyera pa chilumba cha Puerto Rico pomwe namondwe wa Maria adafika pa 20 September 2017. Malinga ndi bungwe loona za mauthenga la dziko la America la FCC, pafupifupi nsanja 95 pa 100 zilizonse zidaleka kugwira ntchito. Bungwe la American Red Cross lidapempha bungwe la okonda luso la wailesi la ARRL kuti litumize anthu ake, ndipo anthu odzipereka 22 adapita kukathandiza kutumiza mauthenga pa mawailesi awo.

N'chifukwa chake maiko ambiri amawerengera anthu a luso limeneli pa ndondomeko zawo za ngozi. M'chaka cha 2003, msonkhano waukulu wa bungwe la ITU, lomwe limayang'anira mafunde a wailesi padziko lonse, udasintha gawo 25 la malamulo ake pofuna kulimbikitsa maboma kuti azilola anthu amenewa kukonzekera ndi kuthandiza pa nthawi ya ngozi. Komabe kuwerengera anthuwa n'kosiyana ndi kuwerengera chipangizo chilichonse chomwe ali nacho m'manja.

Ntchito ya repeater

Mafunde a VHF ndi UHF, omwe mawailesi olankhulirana amagwiritsa ntchito, amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri, chitunda kapena kupindika kwa dziko kumawatchinga. Wailesi ya m'manja, yomwe mphamvu yake nthawi zambiri ndi mawati 5, imafika makilomita ochepa chabe pamalo a chigwa. Repeater imaikidwa pamwamba pa phiri kapena pa nsanja yaitali. Imalandira mawu pa funde lina ndi kuwatumizanso nthawi yomweyo pa funde linanso, kotero kuti anthu awiri okhala mbali ziwiri za phiri amamvana.

Pali njira ziwiri zosandutsira wailesi ya m'galimoto kukhala repeater. Yoyamba ndi kulumikiza mawailesi awiri, imodzi yolandira ndi ina yotumiza. Ngakhale makampani akuluakulu adachitapo zimenezi: repeater ya Motorola yotchedwa GR300 idali ndi mawailesi awiri a m'galimoto a mtundu wa GM300 m'bokosi limodzi. Njira yachiwiri ndi yotchedwa cross-band, pomwe wailesi imodzi yokhala ndi mbali ziwiri imalandira pa VHF n'kutumiza pa UHF, kapena kulandira pa UHF n'kutumiza pa VHF. Mawailesi monga Kenwood TM-V71A, Yaesu FT-8800R ndi Icom IC-2730 adapangidwa ndi kuthekera kumeneku, ndipo munthu amangosintha zochepa pa mabatani kuti iyambe kubwereza mauthenga.

Kuphweka kumeneku ndiko kumanyenga. Poti wailesi yavomera kubwereza mawu pa tsiku loyesera, anthu amaganiza kuti ikhoza kutero usana ndi usiku kwa mlungu wathunthu.

Gwero la kutentha

Wailesi ya m'galimoto ya mawati 50 imagwira ntchito pa mavolti 13.8, ndipo ikamatumiza ndi mphamvu zake zonse imakoka ma amp a pakati pa 10 ndi 13. Izi zikutanthauza kuti imadya mawati pafupifupi 150, koma omwe amatuluka kupita ku eriyo ndi 50 okha. Otsalawo, omwe ndi pafupifupi 100, amasanduka kutentha m'kati mwa kabokosi kochepa ngati buku. Aliyense amene adayesapo kugwira babu lakale la mawati 100 litayaka kwa mphindi zingapo akudziwa kukula kwa moto umenewu.

M'galimoto vutoli silioneka kaamba ka momwe anthu amalankhulira. Dalaivala amalankhula kwa masekondi ochepa, n'kusiya batani, n'kumvetsera, kenako wailesi imakhala chete kwa nthawi yaitali. Nthawi yachete imeneyi ndiyo imapatsa mpata chitsulo chamizeremizere cha kumbuyo kwa wailesi, chomwe ntchito yake ndi kutaya kutentha, kuti chizizire. Akatswiri amatcha gawo la nthawi yomwe wailesi imakhala ikutumiza kuti duty cycle. Muyeso wakale wa mawailesi a m'galimoto udali wakuti wailesi itumize kwa mphindi imodzi, n'kupuma mphindi zinayi, kutanthauza magawo 20 pa 100 a nthawi yonse.

Repeater ilibe mpumulo wotere. Munthu woyamba akamalankhula, iyo imatumiza. Wachiwiri akamayankha, imatumizanso. Wachitatu akalowererapo, imapitiriza. Zomwe anthu khumi akadagawana pa mawailesi khumi zimagwera pa chipangizo chimodzi. Choipa kwambiri chimachitika wailesi ya cross-band ikalumikizidwa ku repeater ina yaikulu, chifukwa repeater zambiri zimapitiriza kutulutsa funde kwa masekondi angapo munthu atamaliza kulankhula. Anthu akamayankhana mofulumira, funde lija silizima konse, ndipo kawailesi ka m'galimoto kamatumiza mosalekeza mpaka zokambirana zitatha.

Apa ndiye pagona nkhani kwa okonzekera ngozi. M'masiku amtendere, repeater ya boma limodzi ikhoza kumalankhulidwapo kangapo chabe patsiku, ndipo wailesi ya m'galimoto imapirira kwa miyezi popanda chodandaulitsa. Tsiku lomwe Shire, Ruo kapena Likangala wasefukira, zipatala, apolisi, oyendetsa mabwato ndi oyang'anira misasa onse amafuna kulankhula nthawi imodzi, kuyambira m'mawa mpaka usiku. Chipangizo chomwe chidapangidwira magawo 20 pa 100 chimakakamizika kugwira pafupifupi magawo 100 pa 100. Mbiri yabwino ya miyezi yapitayo siitsimikizira kanthu za tsiku limenelo.

Momwe imafera

Mawailesi ambiri amakono ali ndi chitetezo: akatentha kwambiri amadzichepetsera okha mphamvu, kapena kuleka kutumiza mpaka atazizira. Izi zimapulumutsa chipangizo, koma kwa namwino amene akuitanitsa ambulansi kuchokera kuchipatala chaching'ono chakutali, zotsatira zake n'chimodzimodzi ndi kufa kwa wailesi, chifukwa mawu ake safika. Chovuta china n'chakuti malo omwe amayamba kutayika mphamvu ikachepa mosakonzekera ndi akutali kwambiri, omwenso ndi ovuta kuwafikira pa msewu.

Pomwe chitetezo chalephera kapena palibe, chimapsa ndi transistor yomaliza yomwe imakweza mphamvu ya funde. Kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza kumang'ambanso mtovu womatira tizipangizo pa bolodi, ndipo zikatero wailesi imayamba kugwira ntchito mwa apo ndi apo: yozizira imalankhula, yotentha imakhala duu. Vuto lotere limasautsa amisiri, chifukwa wailesi ikatsitsidwa paphiri n'kuyesedwa mu ofesi yozizira, imaoneka yabwinobwino. Palinso tizipangizo totchedwa ma capacitor tomwe tili ndi timadzi m'kati. Lamulo lomwe amisiri a zamagetsi amatsata ndi lakuti moyo wa timeneti umafupika ndi theka pa madigiri 10 aliwonse omwe kutentha kwakwera.

Nyengo ya kuno imaonjezera mavutowa. Mawailesi ambiri a mtunduwu amalembedwa kuti amapirira mpweya wotentha mpaka madigiri 60. Koma m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, kutentha kumapitirira madigiri 40 pamthunzi m'miyezi ya October ndi November. Bokosi lachitsulo lotsekedwa bwino poopa akuba ndi mvula, likakhala padzuwa, limatentha kuposa apo wailesi isanayambe n'komwe kutulutsa moto wake. Kafani kakang'ono ka kumbuyo kwa wailesi kamangozunguza mpweya wotentha womwewo. Fumbi la m'chilimwe, akangaude ndi mavu omanga zisa zadothi zimatseka mipata ya chitsulo chotaya kutentha, ndipo fani yomwe idapangidwa kuti izizungulira mwa kanthawi imatha msanga ikamazungulira tsiku lonse.

Mavuto ena oposa kutentha

Eriyo ndi chingwe chake nazo zimathandizira kupha wailesi. Madzi akalowa m'chingwe, kapena mphepo ikapinda eriyo, gawo lina la mphamvu limabwerera m'wailesi m'malo mopita mumlengalenga, ndipo limaonjezera kutentha pa transistor yomwe yalema kale. Izi zimachitika kwambiri pa nthawi ya namondwe, pomwenso palibe amene angakwere phiri kukaona.

Batire ndi vuto lachiwiri. Batire ya asidi ya ma amp-hour 100 siyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati tikufuna kuti ikhalitse. Wailesi yokoka ma amp 11 mosalekeza imamaliza theka limeneli pasanathe maola asanu. Sola siingathandize kwenikweni m'masiku a mvula yamvumbi, monga adaliri masiku a Freddy, pomwe dzuwa silidaoneke bwino kwa masiku angapo. Mphamvu ya batire ikatsika, mawailesi ena amazima n'kuyakanso okha, ndipo ena sabwerera pa ntchito yobwereza mauthenga mpaka munthu atawakhudza.

Chachitatu ndi kugontha. Mawailesi awiri akamagwira ntchito pa mafunde oyandikana, wotumiza amatseka makutu a wolandira, monga momwe munthu wokuwa sangamvere wonong'ona. Pa mafunde a amateur a 144 mpaka 146 MHz, kusiyana kwa funde lolandirira ndi lotumizira ndi 600 kHz chabe, ndipo pamafunika sefa yapadera yotchedwa duplexer, yomwe mtengo wake nthawi zina umaposa wa wailesiyo. Okonda luso la wailesi ku America amaifanizira repeater yogontha ndi ng'ona, yakukamwa kwakukulu koma makutu aang'ono: imamveka kutali, koma iyo siimva oiitana.

Zomwe odziwa amachita

Anthu amene akhala akugwiritsa ntchito njirayi kwa nthawi yaitali saikana, koma amaiika malire. Choyamba, amatsitsa mphamvu kuchoka pa mawati 50 kufika pa 10 kapena 5. Ambiri amaganiza kuti kutero kumachepetsa mtunda kasanu, koma si momwe mafunde amayendera. Pa VHF ndi UHF, chomwe chimalamula mtunda kwambiri ndi kutalika kwa malo omwe eriyo yaikidwa. Eriyo yokwera mamita 10 pamalo athyathyathya imaona mtunda wa makilomita pafupifupi 13. Ya mamita 100 imaona makilomita pafupifupi 41, ndipo ya mamita 400 imaposa makilomita 80. Dziko lino lidadalitsika ndi malo okwera monga mapiri a Zomba, Dedza, Thyolo ndi Mulanje, komwe nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Mawati 10 ali paphiri amaposa mawati 50 ali padenga la ofesi m'chigwa.

Komanso palibe phindu kuti repeater izikuwa ndi mawati 50 pomwe oiyankha ali ndi mawailesi a m'manja a mawati 5. Iwo adzaimva, koma mawu awo sadzafika. Mphamvu yoonjezerayo imangothera kutenthetsa bokosi ndi kumaliza batire.

Chachiwiri, amaika fani yaikulu yakunja yowomba molunjika pa chitsulo chotaya kutentha, ndipo bokosi amaliboola mipata yolowera ndi yotulukira mpweya, yotchingidwa ndi sefa yoletsa tizilombo. Amaliika pamthunzi ndi kulipaka utoto woyera. Chachitatu, amatchera nthawi yodulira mawu, kawirikawiri mphindi zitatu, kuti batani la wina likakanirira kapena phokoso likatsegula wailesi, isatumize mpaka kupsa. Amatcheranso kamvekedwe kachinsinsi kotchedwa CTCSS kuti repeater izitseguka ndi mawailesi ake okha. Chachinayi, amaphunzitsa olankhula kufupikitsa mawu ndi kusiya mpata pakati pa mauthenga. Mwambo wa kalankhulidwe umaziziritsa wailesi mofanana ndi fani.

Ngakhale zonsezi zitachitika, odziwa amaitenga wailesi ya m'galimoto ngati mlatho wongoyembekezera. Imathandiza kwa maola kapena masiku ochepa, monga kulumikiza gulu lomwe latsikira m'chigwa ndi galimoto yomwe yaima pamtunda, pali munthu pafupi woiyang'anira. Kuisiya yokha paphiri kwa chaka ndi nkhani ina.

Mbali ya malamulo

Adindo ayeneranso kukumbukira kuti mafunde a amateur si a ntchito za tsiku ndi tsiku za boma kapena za malonda. Ndi a anthu omwe ali ndi chiphaso chawochawo, ndipo m'dziko muno maina awo oitanirana pa wailesi amayamba ndi 7Q. Bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la za mauthenga la 1998 ndipo likugwira ntchito pansi pa lamulo la 2016, ndilo limagawa mafunde ndi kuvomereza mitundu ya zipangizo. Khonsolo kapena nthambi ya boma yofuna repeater iyenera kupempha mafunde akeake, osati kugula wailesi ya amateur n'kuyamba kulankhulirapo chifukwa choti ndi yotsika mtengo. Pomwe pakufunika mgwirizano ndi anthu a luso la wailesi, mgwirizanowo ulembedwe ndi kuyesedwa ngozi isanagwe.

Lamulo loyamba la dziko lino lokhudza ngozi zogwa mwadzidzidzi lidabwera m'chaka cha 1991, napolo atagumula phiri ku Phalombe, ndipo lidalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano m'chaka cha 2023, lomwe likutsindika kukonzekera ndi kuchepetsa chiopsezo m'malo mongodikira kupereka thandizo. Kukonzekera kumeneku kukukhudzanso njira zotumizira mauthenga pakati pa midzi, makhonsolo ndi nthambi ya DoDMA.

Zofunika kwa ogula ndi osunga zipangizo

Pa ndondomeko yogulira katundu wa boma, wopereka mtengo wotsika amene wakwaniritsa zomwe zidalembedwa ndiye amakhala ndi mwayi waukulu. Choncho chitetezo chenicheni chili pa kalembedwe ka zofunikazo. Chikalata chikangonena kuti pakufunika repeater ya mawati 50, wogulitsa akhoza kubweretsa mawailesi awiri a m'galimoto m'bokosi lokongola, ndipo sadzakhala atanama. Chiyenera kunena mphamvu yomwe makinawo angatulutse mosalekeza, pa magawo 100 pa 100 a nthawi, komanso pa kutentha kotani. Chiwerengero chachikulu cholembedwa pa katoni nthawi zambiri chimakhala cha kanthawi kochepa, ndipo cha ntchito yosalekeza chimapezeka m'kati mwa buku la malangizo.

Polandira katundu, kuyesa kusakhale kongoitanirana moni kwa mphindi ziwiri pamaso pa alendo. Makinawo ayesedwe pamalo pomwe adzakhale, m'bokosi lake lotsekedwa, masana a mwezi wotentha, akutumiza kwa nthawi yaitali, amisiri akuyeza kutentha, mphamvu yotuluka ndi mphamvu ya batire. Batire ndi sola ziwerengedwe potengera tsiku la ngozi lopanda dzuwa, osati tsiku lamtendere. Bajeti ikhale ndi ndalama zoyendera malowo dzinja lisanayambe, kukapukuta fumbi, kuona zingwe ndi kusintha fani, komanso pakhale wailesi ina yosungira yotcheredwa kale. Zipangizo zoperekedwa ndi mabungwe othandiza ziunikidwe ndi muyeso womwewo, popeza mphatso nayo imatentha.

Kumene ndalama sizikulola kugula repeater yeniyeni, palibe cholakwa kuyamba ndi wailesi ya m'galimoto pa mafunde ovomerezeka, bola ilembedwe m'ndondomeko ya boma monga momwe ilili: chipangizo chongogwirizira, cha mphamvu yochepa, chofuna woyang'anira. Choopsa ndi kulemba mu lipoti kuti boma lakutilakuti lili ndi njira yodalirika ya mauthenga, akuluakulu n'kukhulupirira, pomwe paphiri pali kabokosi komwe sikadayesedwepo kupitirira mphindi khumi. Akuluakulu akale adati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, ndipo pa nkhani iyi repeater yomwe boma lingaiwerengere ndi yokhayo yomwe yaonetsa kuti ikhoza kulankhula tsiku lathunthu osazima.